Galimoto yovula denga ku Mangochi: yankho kwa achimwene a ku Joni

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a kuno ku Mangochi amene akhala ku Johannesburg zaka zambiri. Bizinesi yawo yayenda, nyumba kumudzi anamanga, ana ali pasukulu, ndipo chaka chamawa akufuna kubwerera kudzakhazikika. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikulakalaka galimoto yothamanga yovula denga. Pano ndalama yake ndili nayo. Maso anga ali pa BMW Z4 M40i yatsopano, mwinanso Porsche 911 Cabriolet mtima ukalimba. Ndigule ndibwere nayo, kapena mutu wanga sukuyenda bwino?"

Mutu wanu uli bwinobwino, achimwene. Munthu amene wakhetsa thukuta kudziko la eni kwa zaka zonsezo ali ndi ufulu wofuna chinthu chongosangalatsa mtima, osati chilichonse chizikhala cha phindu ayi. Ndipo ndikudziwa chimene mukuchiona m'maganizo mwanu. Madzulo a mu June, dzuwa litapendeka, mwanyamuka pa boma kulowera ku Monkey Bay, milambe ndi migwalangwa ikudutsa m'mbali, kamphepo ka kunyanja kakukumenyani kumaso, kumbuyo injini ikulira bwino. Dziko lino lili ndi misewu yochepa yokoma kuposa umenewo pa ola limenelo. Galimoto zomwe mwatchulazi nazonso si zoseweretsa. Z4 M40i ili ndi injini ya masilinda 6, malita atatu, ndipo imafika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi osakwana asanu. Denga lake limapindika lokha m'masekondi 10, la Porsche m'masekondi 12, ngakhale galimoto ikuyenda, bola musapitirire 50.

Komabe yankho langa ndi lakuti musagule yatsopano n'kubwera nayo kuno kuti izikhala kuno. Chifukwa chake chachikulu si mtengo wogulira, poti umenewo mwanena kuti mukwanitsa. Vuto ndi masiku amene galimotoyo idzakhala itangoima.

Tiyambe ndi pansi. Galimoto zamtunduwu anazipanga kuti zizikhala chogwirana ndi msewu. Kuchokera pa phula kufika pamimba pake pamangotsala masentimita 11, 12, mwina 13, pamene Hilux ili ndi oposa 20. Tsiku lina ndinaima pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay n'kuona galimoto yotsika chonchi, ya mdipiti wa ukwati, ikulimbana ndi hampu. Dalaivala anachita kuimiratu, n'kukhotetsa chiwongolero kuti akwere chopingasa, teyala limodzi kaye, kenako linzake. Kumbuyo minibasi ikuimba hutala, akabaza akumuzungulira uku ndi uku, ana ataunjikana kudzaonerera. Atafika pakati tinamva "khwee", pulasitiki ya pansi pa bampala ikukhula simenti. Mwamunayo nkhope inagwa ngakhale anali pa chisangalalo. Hampu imodzi imeneyo. Muwerenge nokha kuti kuchokera ku Liwonde kudzafika ku Nkopola mudutsa misika ingati. Porsche ili ndi makina okweza mphuno ya galimoto ndi masentimita pafupifupi anayi mukadina batani, koma amenewo mumalipira padera, ndipo amathandiza kutsogolo kokha.

Msewu wa Liwonde kudzafika kuno unakonzedwanso ndipo ndi wabwino ndithu. Koma moyo wa munthu wa ku Mangochi suthera pa M3 ndi M10. Simunandiuze kuti kumudzi kwenikweni ndi kuti. Ngati ndi cha ku Makanjira, Katuli kapena Chilipa, galimotoyi kwanu sidzafikako, makamaka mvula ikagwa. Ngakhale timisewu tolowera ku makoteji a kunyanja tambiri ndi tamchenga, ndipo galimoto yotsika, yamphamvu, yokankhira mateyala akumbuyo okha ikalowa mumchenga imadzikumbira dzenje yokha.

Mateyala ndiye nkhani imene anthu amaiwala. Ndi opyapyala m'mbali, pa malimu akuluakulu, ndipo akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana saizi. Teyala la sipeya mulibe, amangokupatsani kabotolo ka guluu ndi kapampu. Kabotoloko kamathandiza msomali ukabaya. Mukamenya dzenje usiku pa liwiro, teyala limang'ambika m'mbali kapena kutupa chotupa, limu n'kupindika, ndipo pamenepo guluu alibe ntchito. Saizi imeneyo pa boma pano simuipeza. Mwina ku Blantyre kapena ku Lilongwe, apo ayi muitanitse ku Joni komweko, galimoto ili pa jeke kudikira.

Tsopano denga lenilenilo, lomwe ndi chifukwa chonse chogulira. Anthu amaganiza kuti dziko lotentha ndilo loyenera galimoto yovula denga. Kumene zimagulidwa kwambiri ndi kumaiko ozizira monga UK ndi Germany, kumene dzuwa likawala munthu amafuna alimve pakhungu. Kuno mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 35. Masana otero mukatsegula denga, mipando yachikopa imawotcha, chiwongolero osagwirika, ndipo musanafike pa mlatho wa Bakili Muluzi mudzakhala mutatseka n'kuyatsa eyakoni. December mpaka March ndi mvula. Miyezi yabwino ndi May mpaka August, m'mawa ndi madzulo, koma nthawi yomweyo ndi ya mwera ndi fumbi, ndipo mukakhala kumbuyo kwa lole ya mchenga kapena ya usipa mudzalakalaka denga. Ndiye nthawi imene mudzayendadi denga lili chotsegula ndi yochepa kwambiri kuyerekeza ndi ndalama imene mwalipirira dengalo.

Dengalo limafunanso chisamaliro chimene nyengo yathu siigwirizana nacho. Ndi nsalu yokhuthala yoyalidwa pa zitsulo zopindika, zoyendetsedwa ndi timamotala ndi timasensa tambiri. Dzuwa limaononga nsalu ndi kuumitsa malabala a m'mbali mwa magalasi. Mchenga umalowa m'mahinjesi. Kumbuyo kwa mipando kuli timipaipi totulutsa madzi a mvula, ndipo timeneti tikatsekeka ndi fumbi kapena masamba a mango, madzi amabwerera m'kati n'kudikha pansi pa kapeti. Pa galimoto zina zotere, pansi pa mipando pomwepo ndi pamene pamakhala timakompyuta ta galimoto. Kasensa kamodzi kakasokonezeka, denga limatha kuima pakati, losatseguka, losatsekeka, kumwamba mitambo itada. Kuimika pansi pa mtengo, monga timachitira tonse kuno pothawa dzuwa, ndiye kuiitanira zitosi za mbalame ndi utomoni. Imafuna garaja yotseka bwino.

Ikavuta, akonza ndani? Amakaniko athu musawapeputse, ndi anthu aluso, amadzutsa injini imene kwina akanaitaya. Koma galimoto izi sizikonzedwa ndi khutu ndi sipanala zokha. Zimafuna kompyuta ya kampani yomweyo yoti iwerenge vuto, ndipo chitsulo chatsopano nthawi zina chimafunika kuchilembetsa mu kompyuta ya galimoto chisanayambe kugwira ntchito. Porsche ilibe garaja yake m'Malawi muno, zapafupi zili ku South Africa. Pulani ya sevisi ndi waranti zimene adzakupatseni pogula zimagwira ntchito mukamapita nayo ku magaraja ovomerezeka, ndipo amenewo kwa inu adzakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Mudzakhala mutalipira chitetezo chimene simungachifikire popanda kukweza galimoto pa lole. Ichi ndicho chimandipweteka kwambiri pa ganizo logula yatsopano: gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yatsopano ndi mtendere wa mumtima woti ikawonongeka eni ake akonza, ndipo mtendere umenewo umatsalira pa boda.

Mafuta nawo muwaganizire. Injini zimenezi zimafuna petulo wa okiteni (nambala yosonyeza giredi ya petulo) wokwera, 95 kapena 98, pamene pa pampu kuno petulo ndi wa mtundu umodzi basi, wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa. Musanasaine chilichonse, werengani buku la galimotoyo muone kuchuluka kwa ethanol amene imalola. Ndipo mukudziwa mmene mafuta akhala akusowera kuyambira 2022. Mizere ikatalika, anthu timathamangira wa m'zigubu. Probox imamwa ameneyo n'kungotsokomola pang'ono, koma majekita (zipangizo zopopera mafuta mu injini) a injini ya turbo yamakono akalawa madzi kapena zinyalala, bilu yake mudzaikumbuka.

Za msonkho, pitani kwa ejenti wovomerezeka kapena ku MRA komweko akuwerengereni papepala musanagule. Pali msonkho wolowetsera katundu, pali excise amene amakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, pamwamba pake VAT, ndipo misonkhoyi imasanjikizana, wina kuwerengedwa pamwamba pa unzake. Mtengo umene mwauona mu shoo ya ku Sandton ndi chiyambi chabe. Mufunsenso za lamulo la anthu obwerera kwawo atakhalitsa kunja, chifukwa limapereka mpata pa galimoto imene munthu wakhala nayo n'kuigwiritsa ntchito kunjako kwa nthawi ndithu. Yogula lero n'kukwera nayo mawa sigwera m'gulu limenelo. Ngati mukufuna kugula pa ngongole ya banki ya ku South Africa, dziwaninso kuti simungaoloke nayo boda popanda kalata ya bankiyo.

Kenako ndalama zakunja. Lero mukulandira ma rand, ndiye sipeya wa ma rand sakuopsani. Mukadzakhazikika kuno n'kumapeza makwacha, chilichonse cha galimotoyi, kuyambira mabuleki mpaka galasi lakutsogolo, chidzafuna ndalama yakunja imene m'mabanki imavuta kupeza. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Anthu a ma Hilux ndi ma Land Cruiser pa nthawi zotero sadandaula kwenikweni, chifukwa ogula galimoto zawo ndi ambiri ndipo mtengo umatsatira. Galimoto ya mipando iwiri yovula denga, ogula ake m'dziko lino mutha kuwawerenga ndi zala, ndipo onsewo amadziwa kuti amene akugulitsa ndiye ali pa changu. Inshulansi yonse muifunsiretu kuti ndi zingati pachaka, komanso ngati akuvomera kukonzetsa kunja.

Palinso nkhani ya mipando. Z4 ndi ya anthu awiri, buti yake malita 281, zikwama ziwiri zapakatikati basi. Porsche ili ndi timipando kumbuyo toti mwana wamng'ono yekha ndiye angakhalepo. Kuno munthu wa galimoto sakhala wayekha. Kugwa maliro, kudwala mayi usiku, kukhala chinkhoswe, anthu amayang'ana kwa inu, ndipo simungawauze kuti malo alipo a munthu mmodzi. Sindikunena kuti muzikhala moyo wanu poopa pakamwa pa anthu. Ndikungoti galimoto imeneyi singakhale yoyamba pakhomo. Ngati Fortuner, Hilux kapena Prado palibe, yambani ndi imeneyo. Ndipo mayi a kunyumba muwauze mtengo wonse weniweni, wa msonkho ndi inshulansi womwe, asadzaumvere kwa alamu awo.

Ndiye mutani ndi chilakolako chanucho? Chisafe ayi. Muli ndi chaka chathunthu ku Joni, kumene kuli misewu yake, magaraja ake ndi petulo wa 95. Ngati mtima wakana kumva, gulani komweko panopa, makamaka yoyendako zaka ziwiri kapena zitatu imene mwini wake woyamba wasenza kale kugwa kwakukulu kwa mtengo. Yendani nayo chaka chimenechi, mupite nayo ku Mpumalanga kapena ku Durban, muone kuti pa mwezi denga mumatsegula kangati. Ikadzakwana nthawi yobwerera mudzakhala mukudziwa ngati ndi chikondi chenicheni, ndipo mudzasankha kuigulitsa komweko kumene ogula alipo, kapena kubwera nayo mutamva bwino za msonkho. Pakati pa ziwiri mwatchulazi, yobwera nayo kuno ndingasankhe BMW. Injini yake ili m'galimoto zina zambiri za BMW, ngakhalenso mu Toyota Supra yamakono, choncho masipeya ndi anthu oidziwa sasowa ngati a Porsche.

Koma mukanandifunsa kuti ine ndingaimike iti m'garaja ya ku Mangochi, ndikanati Mazda MX-5 yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku Japan. Ndikudziwa kuti si dzina limene munali kulota. Galimotoyi inayamba kupangidwa mu 1989 ndipo pofika 2016 anali atapanga zoposa miliyoni imodzi. Ndi yopepuka, injini yake ndi yosavuta, chiwongolero chili kumanja monga timafunira kuno, ndipo denga lansalu mumatsegula ndi dzanja limodzi mutakhala pampando, popanda mota yoti ife. Masipeya amabwera njira yomweyo imene amabwerera a Demio ndi Axela. Nayonso ndi yotsika, pa hampu mudzakwerabe chopingasa, koma ikakhula pansi mtima sudumpha ngati mwakhulitsa mtengo wa nyumba. Liwiro la Porsche kuno mulibe poti mulionetsere: pamsika malire ndi 50, apolisi ali ndi kamera, ndipo pakati pa misika pali mbuzi, ng'ombe, njinga zonyamula makala ndi ana a sukulu. Pa liwiro limene msewu wa ku Monkey Bay umalola, mphepo ya mu MX-5 ndi ya mu Porsche ndi imodzimodzi.

Iliyonse imene mungasankhe, pewani mipando yachikopa chakuda, tengani yowala kapena yansalu. Garaja mumangiretu musanabwere, ndipo polowera pageti pasakhale chitunda. Pobwera mutengeretu mateyala awiri apadera, lakutsogolo ndi lakumbuyo, mafyuluta a sevisi ziwiri ndi mafuta opaka malabala a denga. Mukalandira mawerengero a msonkho ndi a inshulansi munditumizire, komanso mundiuze mudzi wanu kuti ndidziwe msewu umene tikukambirana.