Gasi, plasma kapena laser? Mwandikumbutsa thanki ya mkaka

Achimwene a ku Mchesi, mwandilembera kuti madisiki a galainda akukutherani ndalama, ndiye mugule chiyani chodulira pleti: gasi (tochi ya lawi ndi okosijeni), plasma kapena laser imene mwaiona pa YouTube.

Ndili mnyamata ndinkathandiza malume ku shedi kwawo ku Ndirande. Tsiku lina iwo atapita kumaliro, kunabwera bambo wina ndi pleti ya stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, akuti ya thanki ya mkaka. Ine matama, gasi uja yatsu. Chitsulo chinangofiira, kuda bii, kuchita makwinya, koma osaduka. Okosijeni anatha theka la botolo. Malume pobwera sanakalipe. Anaitembenuza pleti ija n'kunena kuti, "Iwe, gasi sadula ndi lawi. Amachiotcha chitsulo ngati nkhuni."

Ndinadzamvetsa patapita zaka. Lawi limangochitenthetsa kufika madigiri pafupifupi 900, kenako okosijeni ndiye amachidya. Stainless ili ndi chromium, amene amapanga kachikopa kotchinga. Aluminiyamu nayenso: mwiniwake amasungunuka pa madigiri 660, kachikopa kake mpaka kupitirira 2,000.

Komabe ndikamva anyamata akunyoza gasi kuti ndi wachikale, mtima umandiwawa. Pleti ya mamilimita 50, kumudzi kopanda magetsi, mudula ndi chiyani? Ndi malovu? Pamene gasi amalakwitsa ndi pa malata opyapyala, amawakhotetsa ngati fodya wouma.

Za laser musandiyambe dala. Imadula ndi kuwala kwamphamvu, mwaukhondo, inde, mpaka kulemba dzina pa geti. Koma mavidiyowo sakuonetsani mtengo wake, magetsi a three-phase, nayitrojeni, ndi katswiri woitanitsa kunja ikafa. Waterjet ndiye kaya. Madzi othamanga pa mphamvu ya mabar 4,000 osakaniza mchenga wa garnet, sitenthetsa chitsulo n'komwe, koma mchengawo si wa ku Lilongwe River.

Nanga plasma?

Iyi imagwiritsa ntchito mpweya wotenthetsedwa kwambiri ndi magetsi. Imadula chitsulo chilichonse chodutsa magetsi, stainless ndi aluminiyamu yomwe. Ikanakhalapo tsiku lija bwenzi malume osalipira pleti ya eni ake. Imafuna kompuresa ya mpweya wouma. Mukalola madzi kulowa, nozzle (kamlomo kotulukira mpweya) imatha msanga, ndipo magetsi akathima mumangokhala pa benchi kucheza.

Inuyo poti ntchito yanu ndi mageti, gulani plasma yaing'ono, gasi ngati muli naye musagulitse. Zodula mowongoka zambirimbiri kadulitseni pa guillotine, makina odula pleti ngati sizasi, ku Kanengo.