Funsani Amisiri: Giza ya m'kakalavani, tigule iti?

Amisiri,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Matawale konkuno ku Zomba. Chaka chatha mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera kakalavani kakale ka Sprite, kogona anthu awiri. Muli thanki ya malita 50, batire imodzi ya 100Ah, kasola padenga, ndi silinda ya gasi ya makilogalamu 5 yophikira. Mu Julayi tinakagona masiku awiri pamwamba pa phiri, kufupi ndi damu la Mulunguzi. Pobwerera mayi akunyumba anandiuza mosapsatira kuti ulendo wina ndidzapita ndekha ngati nkhani ili yosamba madzi ngati aja. Wina akuti ndigule giza ya batire, wina akuti ya gasi, wina ya magetsi. Ndigule iti? Timafunanso kumapita ku Liwonde ndi ku Cape Maclear.

Mphunzitsi wopuma, Matawale

Aphunzitsi,

Choyamba mundiperekere moni kwa mayi, ndipo muwauze kuti mlandu awina. Madzi a pa Mulunguzi m'mawa wa Julayi, chiperoni chitakuta mapaini onse aja, amaluma mpaka m'mafupa. Ine ndakonza mapaipi ndi magiza m'tauni muno zaka zambiri, manja anga ndi a chikopa cha mvuu, koma madzi amenewo ndimawapatsa ulemu.

Tiyambe ndi ya batireyo, kuti tiichotse panjira msangamsanga. Inu munali a choko, ndiye masamu awa muwachonge nokha. Kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika mphamvu yokwana 1.16Wh (Wh ndi muyezo wa mphamvu, 1Wh ndi wati imodzi kwa ola limodzi). Tinene kuti madzi a m'thanki yanu ali pa madigiri 15 ndipo mukufuna malita 10 afike pa 60. Ndi 10 kuchulukitsa ndi 45, kuchulukitsanso ndi 1.16, yankho likupitirira pang'ono 520Wh. Batire yanu ya 100Ah pa mavoti 12 imasunga 1,200Wh papepala, koma ngati ili ya asidi, yonga ya galimoto, simuyenera kuikama kupyola theka, apo ayi siikhalitsa. Zanu zenizeni ndi 600Wh. Mwaona? Kusamba kumodzi, batire yagona. Magetsi owunikira, pampu, kutchaja foni, zonse zatsala m'malere, ndipo kasola kanu mu chifunga chiya sikabweza kanthu.

Izi sindikunena za m'mabuku. Kale ndinagula ka elementi, kachitsulo kotenthetsera madzi ndi magetsi, ka mavoti 12 kwa wamalonda wina wa pakamwa pokoma, ndi kukaika m'chigubu kumbuyo kwa pikapu yanga. Tinakwera phiri ndi mlamu wanga, ndinalumikiza kubatire ya galimoto cha m'ma 5 koloko madzulo, tili pa macheza. Madzi anafunda ndithu, ofunda ngati mkaka wa mwana. M'mawa kiyi ndimvekere khethe, injini ziii. Anatikankha ndi anyamata ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu aja, ndipo tinawagula mabulosi onse chifukwa cha manyazi. Mlamu wanga mpaka lero akandiona amafunsa ngati madzi atentha.

Ya magetsi tsono. Ilipo yabwino, sindikukana. Makalavani ambiri ochokera ku Ulaya amabwera ndi zida za kampani ya Truma ya ku Germany. Kali kena kotchedwa Therme, ka malita 5, kodya mawati 300 okha pa mavoti 230, komwe kamakwana pansi pa bedi osaoneka n'komwe. Kamafuna pafupifupi ola kuti madzi apse. Vuto si kagizako ayi, vuto ndi poti mubaye pulagi. Azungu kwawoko malo ogona a makalavani amakhala ndi kamtengo ka soketi pambali pa kalavani iliyonse. Kuno mukafika pamalo amakulozerani pansi pa mtengo, soketi ili kubala mamita 40 uko, ndipo tsiku limenelo n'kutheka magetsi azima. Mukati muiyendetse ndi inveta, kachipangizo kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a pasoketi, mwabwerera ku batire ija. Malita 5 nawonso ndi otsukira mbale ndi kusukusula, osati osamba anthu awiri akuluakulu.

Yatsala ya gasi, ndipo ndi imene ine ndingakugulitseni mukanakhala kuti mwabwera kushopu kwanga. Gasi ndi wamphamvu modabwitsa: kilogalamu imodzi ili ndi mphamvu yoposa 12,000Wh, kutanthauza mabatire anu aja makumi awiri. Malita 10 amene agonetsa batire aja, gasi amawatenthetsa ndi magalamu 50 chabe.

Koma za gasi zilipo ziwiri, ndipo apa ndiye pofunika kukhala pansi.

Ina ndi yosunga madzi, kathanki ka malita 10 kokhala m'kati mwa kalavani, utsi wake n'kumatulukira panja kudzera pa kachumuni koboola khoma. Zambiri zimayendera gasi ndi magetsi omwe. Mumayatsa, kudikira theka la ola kapena kuposerapo pang'ono, madzi afika pa 60. Mukawasakaniza ndi ozizira mupeza malita pafupifupi 20 osamba bwinobwino, ndowa yathunthu. Ndi yaudongo, ndi yotetezeka ikaikidwa ndi munthu wodziwa. Koma ndi yodula, muyenera kuitanitsa kunja, muyenera kudula khoma la kakalavani kakale komwe matabwa ake am'kati mwina anayamba kale kufumbwa, ndipo kabodi kake ka magetsi kakapsa, mumsika wa Zomba simukapezamo. Kadzakhala kakudikira mwana wanu abwere pa Khirisimasi.

Inayo ndi yotenthetsa pompopompo, yopanda thanki, kabokosi kopyapyala kokhala ngati sutikesi yaing'ono. Mukatsegula mpope imayaka yokha, moto wake umayatsidwa ndi mabatire awiri akuluakulu a tochi, mukatseka imazima. Ya malita 6 pa mphindi ikukwanirani. Nambala imeneyo imatanthauza kuti pa mphindi imodzi imakweza malita 6 ndi madigiri 25. Madzi a 15 afika pa 40, osamba abwino. Akazizira kwambiri mungochepetsa mpope, madzi aziyenda pang'onopang'ono, atentha. Anthu awiri osamba mphindi zitatuzitatu adya gasi wosaposa magalamu 100 patsiku, ndiye silinda yanu ija ingathe mwezi ndi kupitirira ikanakhala yosambira yokha.

Imeneyi ndiye mugule. Koma mundimvetse bwino, aphunzitsi, chifukwa apa sindikuseka: giza imeneyi malo ake ndi panja. Muikoleke kukhoma lakunja la kalavani mukafika, kapena pa chitsulo chake, nsalu yotchinga bafa ikhale chapatali pang'ono, paipi ya shawa yokha ndiyo ilowe. Osaiika m'kalavani, osaiika m'tenti yotseka, ngakhale kunja kuzizire bwanji. Moto wake ndi wa makilowati 10 ndi kuposa, ngati mbaula zingapo zoyaka nthawi imodzi, ndipo m'kachipinda kakang'ono umamaliza mpweya n'kuyamba kutulutsa carbon monoxide. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo mu Juni. Sununkha, suoneka. Munthu amangomva mutu kuwawa, chizungulire, katulo, basi. Lawi lizikhala la buluu. Mukaliona lachikasu, kapena mwaye ukuda pamwamba pa giza, zimitsani. Pamwamba pa phiri, pomwe nsonga zina zapyola mamita 2,000, mpweya ndi wopepuka kale, ndiye giza yakuda m'kati imafulumira kuchita zimenezi. Kaalamu ka carbon monoxide kakhale m'kalavani chifukwa cha chitofu chomwe muli nacho kale chija.

Walira mvula walira matope. Giza yotere imafuna madzi okankhidwa, siyaka ndi madzi ongotsika okha kuchokera m'chigubu chopachika pa nthambi. Mufunika pampu ya mavoti 12 yozima yokha mukatseka mpope. Imeneyo batire siyimva n'komwe, chifukwa imagwira mphindi zochepa. Ikani kasefa patsogolo pake, makamaka ku Cape Maclear, mchenga wa kunyanja umatseka tinjira ta m'giza. Matope enieni ndi awa: malita 6 pa mphindi, mphindi zitatu, ndi malita 18. Inu ndi mayi mwatha 36 mwa 50 aja, nsima isanaphikidwe. Shawa ikhale ya kabatani pa chogwirira: kunyowetsa thupi, kutseka, kupaka sopo, kutsegulanso. Ndipo musati muwonjezere thanki ina, lita iliyonse ndi kilogalamu, ndipo msewu wokhotakhota wa ku Ku Chawe uja mukuudziwa mmene umaliritsira kalachi. Kwerani ndi thanki yatheka, mukatunge komweko.

Za kalumikizidwe, regulator, kachipangizo ka pasilinda kochepetsa mphamvu ya gasi, ikhale yogwirizana ndi giza, zalembedwa pa kachitsulo kam'mbali, ya makalavani a ku South Africa kawirikawiri ndi 2.8kPa. Paipi ya gasi yeniyeni, osati hosi yothirira dimba. Mukamanga, pakani thovu la sopo polumikiza ponse, likatupa ndiye kuti pakutuluka. Machesi ayi. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi, ndiye kabowo kali pansi pa bokosi la silinda kaja musakatseke poopa fumbi kapena makoswe, ikanipo sefa ya waya.

Ku Liwonde ndi kunyanja kuyambira Seputembala gizayo muziisiya kunyumba. Chikwama chakuda cha malita 20 chopachika padzuwa, kapena chigubu chopaka penti wakuda, pofika 3 koloko madzi ake mpaka mumathirako ozizira. Ketulo ndi ndowa nazo musazichotse m'kalavani. Malita 4 owira m'malita 12 ozizira ndi bafa la munthu mmodzi, ndipo tsiku limene mabatire a tochi adzathere pa Chingwe's Hole pamwamba pa phiri paja ndi zimene zidzakupulumutseni kwa mayi.

Amisiri,

Kalavani yathu ili kale ndi giza ya malita 10, koma yakhala chaka osagwira ntchito. Madzi ake akununkha ngati dzira lovunda. Yawonongeka?

Mayi wa ku Chinamwali

Mayi, siinawonongeke, madzi ndiwo anagonera. Tsegulani kampope kotayira kali pansi pake, atuluke onse. Tsukani thanki yaikulu ndi mankhwala oyeretsera madzi akumwa monga mwa malangizo a pabotolo, mutsukuluze kawiri. M'gizamo thirani viniga woyera wosungunula ndi madzi, agonemo maola angapo kuti miyala yoyera ya m'kati isungunuke, kenako mutsukuluzenso. Mukatero idzazeni, itenthe mpaka 60 musanasambe, chifukwa tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timalowa m'mapapo kudzera m'timadontho ting'onoting'ono ta madzi a shawa. Chenjezo limodzi: musayatse elementi giza ili yopanda madzi, imapsa nthawi yomweyo. Tsegulani mpope wa madzi otentha mpaka usiye kutsokomola, ndiye muyatse. Ulendo uno mukabwerako, itayeni madzi tsiku lomwelo musanalowetse kalavani m'shedi.