Akufooka koma pa sikelo sakutsika

FUNSO: Ndimaphunzitsa masewero othamanga pa koleji ina kuno ku Thyolo. Mtsikana amene ankatsogola chaka chatha tsopano amatsalira m'mbuyo, amadandaula kuti msongolo ukumupweteka, ndipo chimfine sichimuchoka. Malungo anayezetsa, alibe. Pa sikelo sanatsike. Kodi ndi ulesi? Aphunzitsi a masewero, Thyolo.

YANKHO: Aphunzitsi, musathamangire kunena kuti ndi ulesi. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto lomwe bungwe la International Olympic Committee linalitcha RED-S mu 2014: munthu akudya, inde, koma chakudyacho chikuthera ku masewero, thupi n'kutsala lopanda choyendetsera ntchito zina.

Sikelo isakupusitseni. Chakudya chikamachepa, thupi limayamba kuumira ngati banja lodikira malipiro. Limachepetsa kutentha, kumanga mafupa ndi mahomoni a ubereki, kulemera n'kukhala komweko.

Masamu ake ndi awa. Tinene kuti mtsikanayu ndi wa makilo 55, ndipo tikachotsa mafuta a m'thupi atsala 44. Ngati adya makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 2,000 pa tsiku, kuthamanga n'kutenga 800, otsala ndi 1,200. Gawani ndi 44, mupeza makalori 27 pa kilo iliyonse. Akatswiri amati pansi pa 30 m'pangozi, ndipo pabwino ndi cha pa 45. Kuti afike pamenepo afunika makalori pafupifupi 800 owonjezera tsiku lililonse.

Chizindikiro chachikulu ndi msambo. Akadumpha miyezi itatu asali ndi pakati, kapena wafika zaka 15 asanayambe, pali vuto. Ena amanyadira kuti ndiye kukhwima pa masewero kumeneko. Ayi ndithu. Mahomoni akatsika, mafupa amafooka n'kuyamba kung'aluka pang'onopang'ono, makamaka msongolo ndi phazi. Ululu wa malo amodzi, oti n'kuwaloza ndi chala, umene umakula akamathamanga, si wosisita ndi mafuta. Aleke kuthamanga, akaonedwe kuchipatala, ndipo ayezedwenso kuchuluka kwa magazi.

Ngati ndinu bambo, nkhani ya kumwezi musaifunse nokha, ndipo isafunsidwe pagulu. Pemphani namwino kapena mphunzitsi wachizimayi. Afunsenso za kulera, chifukwa jakisoni amatha kuimitsa msambo, pamene mapiritsi amabweretsa magazi mwezi ndi mwezi n'kubisa vutolo. Anyamatanso limawagwira: amamva kuzizira, sachedwa kupsa mtima, chilakolako cha thupi chimatsika.

Ambiri sasala chakudya dala. Amathamanga mbandakucha m'mimba mulibe kanthu, n'kumwa tiyi yekha, kenako kudikira nsima ya masana. Ndalama ya m'thumba ikatha ndiye basi. Komabe ngati akubisa chakudya kapena akuopa kunenepa, imeneyo ndi ya adokotala ndi aphungu, osati yokalipira.

Yambani ndi zotchipa: nthochi ziwiri asananyamuke (makalori pafupifupi 200), phala lotendera kapena mbatata ola lisanathe akamaliza, ndi magalamu 100 a mtedza masana (pafupifupi 570). Pa nsima pasasowe nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Tiyi wathuyu, ngakhale timamunyadira, amalepheretsa thupi kutenga ayironi ya m'zakudya (imene imathandiza kupanga magazi), choncho amwe patapita ola limodzi chidyereni. Nanazi wa ku Mulanje ndiye amathandiza ayironi kulowa.

Chepetsani masewero, mum'patse tsiku lathunthu lopuma pa sabata. Mphamvu zimabwerera msanga, msambo umatenga miyezi, mafupa nthawi yaitali kuposa apo. Ngati akulakalaka mpikisano wothamanga wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, adokotala ayambe avomereza.