Pangano la 1891 silikudutsitsani pa Cuchamano, achimwene

Achimwene, musanakweze mabelo anuwo m'basi ya ku Blantyre, chotsani kaye maganizo okauza a kasitomu pa Cuchamano, boda yolowera mu Mozambique, kuti pangano la 1891 limawaletsa kusecha katundu wopita kwathu. Mudzagona pa boda, basi itakusiyani. Amene anakuuzaniyo sananame kotheratu. Pangano limene Britain ndi Portugal anasainirana pa 11 June 1891 limanenadi kuti mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, pamodzi ndi nthambi zake ndi matsiriro ake, ndi wotsegukira sitima za mayiko onse. Limanenanso kuti katundu wochokera kunyanja ya mchere kudutsa m'dziko la Apwitikizi asalipitsidwe msonkho woposa 3 peresenti kwa zaka 25, ndiponso kuti anthu a maufumu awiriwo aziwoloka Zambezi cha kumtunda kwa Luenha, kumene kuli Tete, osalipira msonkho wodutsira. Koma onani amene anasaina. London ndi Lisbon. Zaka 25 zija zinatha mu 1916, ife tinalandira ufulu mu 1964, anzathu a ku Mozambique mu 1975. Ndipo ngakhale inki isanaume, mtsinjewo sunatseguke chifukwa cha pepala.

Nkhani yonse inali pa Quelimane, doko la Apwitikizi m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kampani ya Mandala, African Lakes, ya John ndi Frederick Moir, imene inayamba mu 1878, inalibe khomo lina. Sitima yaikulu ikafika pa Quelimane katundu yense ankatsika, kulowa m'nyumba ya kasitomu, mabokosi kutsegulidwa, kuikidwa mtengo, kulipira. Akatuluka ankakwera m'mabwato n'kupalasa masiku angapo mu mtsinje wa Kwakwa. Kwakwa salumikizana bwino ndi Zambezi, ndiye pothera pake amtengatenga ankasenza pamutu mpaka cha ku Mazaro. Pamenepo m'pamene pankadikira sitima ya kampani, kukwera Zambezi, kukhotera mu Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Kutsitsanso chifukwa cha mathithi, kusenzanso kudutsa Blantyre mpaka Matope, kenako sitima ina yopita kunyanja ya Malawi. Bokosi limodzi kutsika ndi kukwera kangapo konseko, ndipo pamalo oyamba penipeni pali munthu wa chidindo amene akangoti mawa, ulendo wonse waima.

Apwitikizi mfundo yawo inali yochenjera. Ankati mtsinje wa mayiko onse ndi umene sitima ingalowe kuchokera kunyanja ya mchere osatsitsa katundu. Poti inu mumatsitsira pa Quelimane n'kuyenda pamtunda wathu, Zambezi ndi mtsinje wa m'nyumba mwathu, ndipo malonda a m'mitsinje yathu ndi a sitima za mbendera yathu. Uku ankati n'kuteteza sitima za eni dziko. Eni dziko ake ati? Asena amene ankapalasa mabwato usana ndi usiku sanali m'nkhaniyo. Ankateteza amalonda a ku Quelimane ndi eni maprazo, minda ikuluikulu ya m'chigwa cha Zambezi.

Chaka choipitsitsa chinali 1888, ndipo m'pamene pamandiwawa. Ku Karonga kunali nkhondo ya Mlozi, wamalonda a akapolo. Chakumapeto kwa 1887 Angonde amene anabisala m'bango pa dambo la Kambwe anawayatsira moto, othawa moto n'kugwera m'madzi a ng'ona kapena kuwomberedwa. Kenako sitolo ya Mandala pa Karonga inazingidwa masiku asanu, mkati muli Monteith Fotheringham wa kampaniyo ndi kazembe wa Britain Henry O'Neill. Mlozi anali ndi malinga a mitengo ndi dothi amene mfuti wamba sikanaboola. Mu June 1888 Frederick Lugard, msilikali wachingerezi amene ankathandiza Mandala, anayesa kukwera linga, anamuwombera manja onse awiri. Ankafunika mzinga, onga ndi zipolopolo. Zinthuzo zinali kuti? Zinali pa Quelimane, zitagwidwa, akuti kulowetsa zida n'koletsedwa, chilolezo chichokere kwa bwanamkubwa, bwanamkubwa akuti chichokere ku Lisbon. Makalata ankayenda pakati pa London ndi Lisbon, mabokosi ali phee m'nyumba yosungiramo katundu, chinyontho cha kugombe chikulowa mu onga, kumpoto midzi ikupsa. Mzinga unafika ku Karonga kumayambiriro kwa 1889. Pamene unkadikira chidindo, amalonda a akapolo aja onga wawo ankaupeza kudzera njira za kugombe mopanda vuto.

Mu 1888 momwemo Apwitikizi anagwiranso sitima ya Mandala yotchedwa James Stevenson, ya gudumu kumbuyo ija imene inkanyamula katundu mu Zambezi ndi Shire. Anauza kampani kuti sitimayo iperekedwe m'manja mwa Mpwitikizi ndi kukweza mbendera yawo, apo ayi isayende. Taganizani, sitima imodzi imeneyo ikaima, nsalu, mankhwala a malungo, makalata ndi mchere wa Blantyre, Zomba ndi Bandawe zonse zaima. Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, yemwe uja mzinda wa Harare tikukhalawu unkatchedwa dzina lake, anakalipa kudzera mwa kazembe wake ku Lisbon, sitima inamasulidwa. Koma musamuwombere m'manja. Anthu a mishoni ndi a kampani atamupempha thandizo la boma pa za Karonga anakana. Chinamudzutsa ndi mbendera ya pa sitima, osati mitembo ya pa Kambwe.

Chimene chinathyola mfundo ya Apwitikizi ndi kuya kwa madzi. Kumayambiriro kwa 1889 Daniel Rankin analengeza kuti pa Chinde, amodzi mwa matsiriro a Zambezi, sitima ingalowe madzi akadzaza. Asodzi a kumeneko ankadziwa kale, koma mbiri inalemba dzina lake. Mu July chaka chomwecho Harry Johnston analowera pomwepo pa sitima yankhondo HMS Stork, osadutsa pa kasitomu ya Quelimane, ndipo zoti Zambezi salowereka kuchokera kunyanja zinathera pamenepo.

Amene analipira ndi magazi anali a kwathu. Serpa Pinto, mkulu wa asilikali a Apwitikizi, anali akukwera Shire ndi asilikali mazanamazana. John Buchanan, wogwirizira udindo wa kazembe wa Britain, analengeza kuti dziko la Amakololo kumtunda kwa Ruo lili pansi pa chitetezo cha Britain, mafumu anapatsidwa mbendera, koma sanapatsidwe msilikali ndi mmodzi yemwe. Mu November 1889 anthu a Mlauli, mfumu ya Amakololo, anakathira nkhondo msasa wa Apwitikizi atanyamula mbendera zomwezo, akuyesa kuti nsalu ija iwatchinjiriza. Anakumana ndi mfuti zolavula zipolopolo osalekeza. Ambiri anagwa pomwepo, mbendera zinalandidwa, msilikali wachipwitikizi João de Azevedo Coutinho analanda Chiromo n'kukwera mpaka kwa Katunga. Apa ndiye London inadzuka, pa 11 January 1890 Salisbury anauza Portugal kuti achotse asilikali ake ku Shire ndi ku Mashonaland nthawi yomweyo, apo ayi kazembe wa Britain achoka mu Lisbon. Portugal anagonja, boma lawo linagwa. Pangano la August 1890 nyumba yawo ya malamulo sinalivomereze chifukwa anthu anali atakwiya m'misewu. Chaka chomwecho Angerezi analowetsa mu Zambezi sitima ziwiri za mizinga, Herald ndi Mosquito. Zimenezo n'zimene zinkapangitsa wa kasitomu kuganiza kawiri.

Mbali ya kuno nayo sinasiyane. Mu March 1891 Apwitikizi anagwira sitima ya Countess of Carnarvon mu Limpopo, imene inapita ndi mfuti za kampani ya Rhodes kwa Ngungunyane, mfumu ya ku Gaza. Pamenepo ine sindiwadzudzula, imeneyo inali kuzembetsa zida poyera. Mu April anaimitsa Sir John Willoughby wa kampani ya Rhodes pa Beira akufuna kukwera Pungwe ndi katundu wa ku Fort Salisbury, ndipo Rhodes ankafunadi kuti amuwombere kuti apeze chifukwa. Mu May anamenyana pa Macequece, kufupi ndi Mutare. Mwezi wotsatira m'pamene anasaina pangano mukulitchulalo.

Zitatero Britain anabwereka malo pa Chinde kwa zaka 99, pomwe katundu wopita kwathu ankatsika n'kukwera sitima za mu mtsinje osalowa m'kasitomu ya Apwitikizi. Malowo anali mchenga wokhawokha, nyanja inkadya gombe chaka ndi chaka, Shire nayo inayamba kuphwa moti doko linatsika kuchoka kwa Katunga kupita ku Chiromo, kenako Port Herald, Nsanje ya lero. Mu 1922 namondwe anaphwanya Chinde, njanji yochokera ku Beira inafika pa Zambezi chaka chomwecho, ndipo mu 1923 za malo aja zinatha. Akuluakulu a m'gulu muno akukumbukira October 2010, Bingu akutsegulira doko la Nsanje, a Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pompo, anthu maso ali kumtsinje kudikira bwato la feteleza limene a ku Mozambique anali ataligwira. Boma lathunthu linalephera kudutsa ndi mfundo imeneyi, ndiye inu ndi mabelo asanu?

Komabe mapepala anu akhale bwino, musanyozere. Lembani mndandanda wa zonse, belo lililonse nambala yake, zimene zili mkati, kuchuluka kwake ndi mtengo wake, ma risiti mumangirire pomwepo, ndipo mukhale ndi makope awiri kapena atatu chifukwa mudutsa Nyamapanda, Cuchamano, Zobue ndi Mwanza. Nenani msanga kuti katunduyo ndi wongodutsa, sakatsika ku Tete, ndipo pepala lililonse lodindidwa mulisunge m'thumba la pachifuwa mpaka mutatuluka pa Mwanza. Mangani mabelo ndi chingwe choti mumasula n'kumanganso, osati kusoka, chifukwa akafuna kuona ang'amba ndi mpeni. Phukusi lomata la munthu wina wa ku Mbare kapena ku Mufakose, ngakhale ndi wa kutchalitchi kwanu, litsegulidwe inu mukuona musanalilandire. Mukalipira chilichonse pemphani risiti mwaulemu, ndipo mtengo umene mwalemba ugwirizane ndi wa pa risiti ya sitolo, chifukwa akapeza belo limodzi lasiyana amatsitsa basi yonse.