Aphunzitsi, yambani ndi bwalo la Astley, za njovu zibwere pambuyo

Aphunzitsi, mwafunsa kuti achinyamata anu a zipidigoli aja muwauze mbiri ya circus (chionetsero cha zipidigoli, nthabwala ndi maluso ena) kuyambira pati, komanso ngati gulu lopanda tenti ndi zinyama lingadzitche circus. Ine ndikuti yambirani pa munthu mmodzi ndi hatchi yake, chifukwa mafunso awiri onsewa akuyankhidwa pomwepo.

Munthuyo ndi Philip Astley, msilikali wa ku England wa gulu lokwera pa mahatchi. Atasiya usilikali, mu 1768 anayamba kuonetsa luso lake pabwalo lapamtetete ku Lambeth, mumzinda wa London. M'mawa ankaphunzitsa anthu kukwera hatchi, masana n'kumaonetsa masewero. Okwera mahatchi mwaluso analipo kale, koma iye anatchuka ndi bwalo lozungulira. Apa m'pofunika muchedwepo, chifukwa ana amamva msanga. Hatchi ikamathamanga mozungulira imapendekekera mkati, ndipo wokwerayo amakanikizika pamsana pake, moti amatha kuimirira osagwa. Tengani kachitini ka madzi, mukamange chingwe n'kukazunguza pamaso pawo, aone okha kuti madzi sakutayika. Kuwonjezera apo, oonerera akakhala mozungulira aliyense amaona zonse. Bwalolo linadzakhazikika pa mamita 13 kuchokera mbali ina kukafika mbali ina, ndipo mpaka lero magulu ambiri amatsatira muyeso womwewo, ngakhale amene alibe hatchi ndi imodzi yomwe.

Pofika cha mu 1770 Astley anali ataona kuti mahatchi okhaokha amatopetsa anthu. Anaitana oyenda pachingwe, a zipidigoli, oponya ndi kuwakha zinthu, anthabwala ndi oimba, kuti azilowa hatchi ikamapuma. Maluso amenewa sanayambitse ndi iye ayi, ku China ndi madera ena anthu anali atawachita kwa zaka mazanamazana. Chake chinali kuwasanja m'bwalo limodzi, choopsa chitsatane ndi choseketsa, chofulumira chitsatane ndi chodekha. Kwa ine ichi ndiye chimene ana anu akuyenera kutolapo kwambiri, chifukwa magulu ambiri a achinyamata ali ndi luso koma amangothira zonse nthawi imodzi, oonerera n'kutopa msanga.

Tenti inabwera mochedwa, ndipo inabwera chifukwa cha mtunda. Astley ankasewera panja, kenako m'nyumba yamatabwa. John Bill Ricketts, amene anakatsegula circus ku Philadelphia mu 1793, nayenso anamanga nyumba. Koma matauni a ku America anali aang'ono ndi otalikirana, ndiye mu 1825 Joshua Purdy Brown anayamba kuyenda ndi tenti yansalu, yomanga lero n'kuphwasula mawa. Kenako P. T. Barnum ndi William Coup anakweza zonse pa sitima yapamtunda mu 1872, zinthu n'kukula mosaneneka: mabwalo angapo mu tenti imodzi, mikango, ndi njovu yotchedwa Jumbo imene Barnum anagula ku London Zoo mu 1882. Gawo limeneli lidutseni mwachangu, ana alipeza okha pa intaneti.

Koma musawabisire mbali yowawa. Barnum yemweyo anayamba ntchito yake mu 1835 poonetsa mayi wokalamba wachikuda, kapolo, dzina lake Joice Heth, akunamiza anthu kuti ali ndi zaka 161. Ana athu ayenera kudziwa kuti pa malonda amenewa munthu wakuda anakhalapo choonetsedwa pomwe ndalama zikulowa m'thumba la wina, kuti tsiku lina wina akadzawalonjeza ulendo wakunja adzayambe awerenga pepala asanasaine. Mukatero muwauzenso za Pablo Fanque, wachikuda wobadwira ku Norwich, katswiri wa mahatchi amene anali ndi circus yakeyake ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840, n'kuiyendetsa kwa zaka pafupifupi 30.

Wina woti asakusoweni ndi Jules Léotard wa ku France, amene mu 1859 ku Paris anayamba kuuluka m'malere kuchoka pa kamtengo kolendewera kupita pa kanzake. Anaphunzirira pamwamba pa dziwe losambiramo la bambo ake ku Toulouse, ndipo posewera pamaso pa anthu pansi pankayalidwa matiresi. Munthu wolimba mtima chonchi ankayamba waganiza za pogwera. Muwabwerezere zimenezi anyamata anu amene amakonda kupidiguka pasimenti.

Tsopano za sukulu ndi za zinyama. Dziko la Soviet Union linatsegula sukulu ya boma ya circus ku Moscow mu 1927, ndipo kuyambira pamenepo anthu anayamba kuona ntchitoyi ngati luso lophunzira mwadongosolo, osati longotengera kumtundu. Mu 1984 anthu osewera mumsewu ku Baie-Saint-Paul, m'chigawo cha Quebec ku Canada, ena oyenda pamitengo yaitali, ena olavula moto, anayambitsa Cirque du Soleil motsogozedwa ndi Guy Laliberté, yopanda mikango kapena njovu, ndipo inakula n'kufika pafupifupi dziko lonse. Ringling Bros. and Barnum & Bailey, circus yaikulu ya ku America, inapumitsa njovu zake mu 2016, n'kutseka mu 2017, ndipo pobwerera mu 2023 inabwera yopanda zinyama. Ku England lamulo linaletsa nyama zakutchire m'magulu oyendayenda kuyambira mu 2020. Choncho gulu lanu silikupereweredwa kanthu pamenepo, lili m'njira imene ena akuluakulu angoilowa kumene.

Pomaliza phunziro lanu afikitseni pafupi. Circus Zambia inayambitsidwa ndi anyamata a ku Chibolya mu Lusaka, olankhula chinenero chimene ana anu angamve popanda womasulira. Zip Zap ya ku Cape Town yakhala ikuphunzitsa ana kwaulere kuyambira mu 1992. Onerani nawo limodzi makanema a magulu awiriwa pa YouTube, ndipo alembereni kalata yofunsa za maphunziro a aphunzitsi. Chimodzi ndikupempheni: mwana wina akadzanena kuti muikemo makanja poti nawonso amayenda pamitengo, mukanize. Gule ali ndi eni ake ndi malo ake, ndipo ana angathe kuphunzira kuyenda pamitengo popanda kuvala za kudambwe.

Kandalama kamene munati mukusunga ka tenti kaja, gulirani matiresi olimba ndi chingwe chabwino, kotsalako mulipire munthu wodziwa kugwira mwana pamene akuphunzira kutembenuka m'malere. Bwalo mujambule ndi phulusa pabwalo la sukulu: khomani chikhomo pakati, chingwe cha mamita 6.5, mwana mmodzi azungulire nacho.