Mwana wandisiyira ma newt: ndiwasunge kapena ndipatse ena?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ku Malawi amene ndikukhala mumzinda wa Leeds ku England, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Mwana wanga wamwamuna wapita kuyunivesite ndipo wandisiyira ma newt ake awiri a pamimba pofiira, amene wakhala akuwaweta m'thanki yagalasi kwa zaka 5, chifukwa kumene akugona salola ziweto. Kudyetsa ndimadyetsa, koma kusintha madzi ndimachedwa, komanso posachedwapa mdzukulu wanga wa zaka 2 aziswera kwathu. Mnansi wanga akuti ndingokawasiya padziwe la m'paki poti kumeneko kuli anzawo. Kodi nditani? Mayi wodandaula, Leeds.

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa chofunsa musanachite kanthu. Kwa owerenga a kumudzi amene sanamuonepo, newt ndi kanyama kooneka ngati buluzi koma ndi m'bale wake wa chule, wa khungu lofewa lopanda mamba, ndipo amapezeka ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Amene mwawafotokozawa, a pamimba pofiira, kwawo ndi ku China kapena ku Japan.

Ndiyambe ndi malangizo a mnansi wanu, chifukwa ndiwo andidetsa nkhawa kwambiri: musawatsatire. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la mu 1981 limaletsa kutulutsira kuthengo nyama yomwe kwawo si ku Britain, choncho kutero ndi mlandu. Koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, ndikadakuletsanibe. Pali matenda a pakhungu oyambitsidwa ndi fangasi wotchedwa Bsal, amene akatswiri adamuzindikira mu 2013 atatsala pang'ono kumaliza mtundu wina wa abale a ma newt ku Netherlands, ndipo umboni ukusonyeza kuti adafika ku Ulaya kuchokera ku Asia kudzera mu malonda a ziweto zoterezi. Chovuta n'chakuti newt wa ku Asia akhoza kukhala ndi fangasiyu koma n'kumaoneka wathanzi ndithu. Ku Britain kuli mitundu itatu yokha ya ma newt a m'dzikomo, ndipo umodzi mwa iyo, great crested newt, ndi wotetezedwa kwambiri ndi malamulo. Amene mnansi wanu akuti ndi anzawo ndiwo angafe choyamba. Pa chifukwa chomwechi, madzi akuda a m'thanki muziwathira m'chimbudzi, osati m'dimba.

Tsono funso lenileni ndi lakuti kaya muwasunge kapena ayi. Ma newt amenewa akasamalidwa bwino amatha zaka 10 kufika 15, ena mpaka kupitirira, kotero awiri anuwo akadali ndi ulendo wautali, wotalika kuposa maphunziro a mwana wanu. Zofuna zawo si zambiri koma sizidikira: madzi ozizira osapitirira kwenikweni madigiri 20, ochotsedwa klorini, kusinthako gawo limodzi mwa magawo anayi sabata iliyonse, nyongolotsi zoduladula kawiri kapena katatu pa sabata, ndi chivundikiro cholimba chifukwa amakwera galasi. Chilimwe chikatentha monga mu July 2022, pamene ku England kudapitirira madigiri 40, pamafunika munthu woti aziziritse thanki tsiku lomwelo, ndipo amene wagwira ntchito usiku wonse sangakwanitse zimenezi nthawi zonse. Madzi akachedwa kusinthidwa, zonyansa zimalowa m'thupi mwawo kudzera pakhungu, ndipo newt salira ngati galu kuti mudziwe kuti akuvutika. Mumangoona wasiya kudya kapena akukana kulowa m'madzi.

Nkhani ya mdzukulu nayo ndi yaikulu. Khungu la ma newt amenewa limatulutsa poizoni, komanso nyama za mtunduwu zimatha kunyamula tizilombo ta salmonella, timene timavuta kwambiri ana osakwana zaka 5. Mwana wa zaka 2 chilichonse chimene wagwira chimapita kukamwa.

Maganizo anga ndi akuti muwapezere mwini watsopano, ndipo musadzione ngati mwalephera. Koma musachite izi mwana wanu asakudziwa, pakuti iye ndiye wawalera kuyambira ali kusekondale. Muuzeni mosabisa mmene ntchito yanu ilili, ndipo mumupatse mwezi umodzi kapena iwiri kuti apeze njira. Ngati angapeze nyumba yololeza thanki chaka chamawa, mukhoza kupirira miyezi yotsalayi, thankiyo ili m'chipinda chozizira chotsekedwa. Ngati sizingatheke, iye yemweyo atsogolere posankha wowalandira.

Pofuna mwini watsopano, funsani a RSPCA (bungwe loteteza nyama) a m'dera lanu, dokotala wa ziweto wodziwa achule ndi abuluzi, kapena magulu a oweta nyama zoterezi. Pewani kulengeza pa Facebook kuti mukupereka ulere, chifukwa ambiri obwera amakhala ongotengeka mtima. Wofuna kuwatenga mumufunse kutentha kwa madzi a m'thanki yake, mumufunsenso ngati adzawaika paokha kwa masabata angapo asanawaphatikize ndi ena. Wodziwa ntchitoyi ayankha mosadodoma. Tsiku lowapereka muwaike m'kabokosi kapulasitiki kobooledwa timabowo, koyalidwa mapepala onyowa, kutali ndi hita ya m'galimoto, ndipo mupereke limodzi thanki, chakudya chimene adazolowera ndi kapepala kolembapo zaka zawo.