Kagalimoto ka pa famu: ganizani za matope ndi masipeyala

Achimwene, mwafunsa kuti mugule UTV (kagalimoto kakang'ono kogwirira ntchito pa famu) yotani yoti izikuthandizani pa famu yanu ku Mitundu, potuta chimanga, manyowa ndi madzi a ziweto.

Yambani mwaganizira mwezi wa Januwale. Dothi lofiira la kuno likanyowa limaterera ngati therere, ndipo mukatsikira kudambo matayala amangozungulira pamalo amodzi. Choncho kagalimotoko kakhale kokoka ndi matayala onse anayi, kokhalanso ndi difu loko, chipangizo chimene chimachititsa kuti matayala a mbali zonse ziwiri azizungulira limodzi. Ine ndinaonapo kopanda zimenezi katatitimira mpaka pamimba, ife tikutsitsa feteleza pamutu, mvula ili pamsana.

Pa katundu wolemera ndimakonda ka dizilo monga Kubota RTV. Sikathamanga kwenikweni, koma kamakoka, ndipo giya yake siyendera lamba. Polaris Ranger ndi Kawasaki Mule zimayendera lamba, ndipo lambayo amapsa msanga mukamakoka katundu pa giya yaikulu, ndiye muziika yaing'ono. Kumbuyo, mitundu yambiri imanyamula makilogalamu 400 mpaka 500, kutanthauza matumba 8 mpaka 10 a makilogalamu 50 basi. Chonde musamapyole pamenepo, pachitunda kamagubuduzika mosavuta.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi masipeyala. Musanapereke ndalama, wogulitsayo akuonetseni lamba, mafyuluta ndi mabuleki zili pashelefu, muzigwire ndi manja anu. Akanena kuti aitanitsa ku Johannesburg, dziwani kuti kakhoza kugona pansi pa mtengo wa mango nyengo yonse yokolola.

Ngati famuyo ndi yaing'ono, ganiziraninso za njinga yamoto ya matayala atatu ija. Amakaniko a ku Biwi mu Lilongwe amaidziwa bwino.